Mfumu Yokwatira Mwezi ndi Mwezi

Mu ufumu wa Mawatidya chuma sichinagwe ayi. Amiseche okha ndiwo ankanena kuti chagwa. Malinga ndi chilengezo chochokera ku nyumba yachifumu, chuma chinangokhala pansi pang'ono kuti chipume, ndipo aliyense wopezeka akuchisokosera ndi madandaulo ankaitanidwa kupolisi kuti akafotokoze kumene anaphunzira za chuma. Tsono chinapumadi. Chaka choyamba chinapuma, chachiwiri chinatembenukira kukhoma, chachitatu chinayamba kuliza mkonono.

Pa msika wa Funsachabe, mumzinda waukulu wa Khalapompo, anthu anazolowera kukhala nacho chuma chogonacho. Shuga ankagulitsidwa pa supuni, sopo ankadulidwa ndi ulusi, ndipo mafuta ophikira ankayezedwa m'kachivindikiro ka botolo, wogula atagwira mpweya kuopa kuti dzanja la wogulitsa linganjenjemere. Basela anamwalira osadwala. Wogulitsa nyama ankalola anthu kuima pafupi ndi tebulo lake mwaulere, koma kuloza kunali kolipira. Munthu ankafunsa mtengo wa nkhuku, n'kuthokoza, n'kutsanzika nkhukuyo mwaulemu, n'kupita kukagula bonongwe.

Kuseri kwa msikawo, m'dera la Pirirani, kunkakhala Alufeyo Kanjinga. Kale anali ndi ntchito ziwiri. Mkati mwa sabata ankalongedza sopo kufakitale, ndipo Loweruka ankakhala emusi pa maukwati, munthu wogwira chimkuzamawu pa nthawi ya perekani-perekani. Mkwati ndi mkwatibwi akaima kutsogolo atagwira lichero, nyimbo ikulira, Alufeyo ndiye ankaitana magulu: akuchikazi, akuchimuna, anzawo a mayi a mkwatibwi, ogwira nawo ntchito, opemphera nawo. Gulu lililonse linkabwera likuvina n'kumaponya ndalama. Luso anali nalo, sitingamunamizire. Ankatha kuchotsa ndalama m'thumba mwa munthu amene anabwera atalumbira kuti angodya mpunga n'kubwerera. Vuto lake linali limodzi: mawu ake omwe ankamukomera kwambiri, moti akayamba kuyankhula ankamvetsera kukoma kwake, osamva zimene akunena.

Fakitale itatsekedwa, Alufeyo sanadandaule kwambiri, poti Loweruka linalipo. Kenako maukwati nawonso anayamba kusowa. Achinyamata anayamba kungolowana. Mtsikana ankanyamula chikwama chake masana dzuwa likuswa mtengo, n'kukalowa kwa mnyamata, ankhoswe n'kudzamva kwa anthu odutsa. Malowerukawo Alufeyo ankangokhala pakhonde atagwira chitsononkho kukamwa, akuitana abakha a eni nyumba m'magulumagulu kuti mawu asachite dzimbiri.

M'nyumba mwake munali ukwati umodzi umene mkazi wake, Nankhoma, anakanitsitsa kuti usakhale wolowana. Mwana wawo yekhayo, Tiyanjane, anapeza mnyamata wa kabaza, Ganizani, wofatsa ndi wosamwa, ndipo tsiku analipangana kuti likhale anthu atakolola. Ndalama zopangira ukwatiwo panalibe, koma Nankhoma sankatekeseka. Chikwatiwire iye sanaphonyepo ukwati wa mwana wa mnzake. Ankagula nsalu ya ukwati ngakhale kunyumba kulibe mchere, ankasenda anyezi mpaka maso kufiira, ndipo pa perekani-perekani ankavina mpaka chikwama kupepuka.

"Ndalama zathu zili m'matumba mwa anthu," ankatero. "Tsiku la Tiyanjane zidzabwera zikuvina. Ana amenewa adzayambira pamenepo."

Tsoka linayamba ndi ukwati wa mwana wa dalaivala wina, umodzi mwa maukwati ochepa amene anatsala, kumene Alufeyo anaitanidwa. Dalaivalayo ankayendetsa Nduna ya Chuma, a Tolatola, ndipo a Tolatolawo anabwera monga mlendo wolemekezeka. Zimene anaona kumeneko zinawadabwitsa. Anthu omwe aja amene ankauza okhometsa msonkho kuti alibe ngakhale khobidi, anali kuponya ndalama m'mwamba, akuseka, akupondana mapazi kulimbirana kufika kutsogolo. A Tolatola anaiwala kudya keke. Anangoyang'anitsitsa Alufeyo, n'kufunsa dzina lake.

Lolemba nduna zonse zinasonkhana pamaso pa Mfumu Khutabwino Wachiwiri. Mosungira chuma cha ufumu munali mutauma kalekale. Anali atayesa msonkho wa mthunzi, koma anthu anayamba kuchezera padzuwa. Anayesa msonkho wa mabelu a njinga, koma anthu anachotsa mabelu n'kumakuwa okha. Tsono a Tolatola ataimirira n'kunena kuti apeza kumene ndalama zabisala, ngakhale Mfumu inasiya kusenda mtedza.

"Mwini dziko," anatero a Tolatola, "anthu anu ndi abodza. Ndalama ali nazo. Kungoti ndalama zawozo zimaopa ofesi, zimatuluka zikamva nyimbo. Tinalakwitsa kuwatumizira okhometsa msonkho. Tinayenera kuwatumizira mkwati."

Nduna ya Zoombera M'manja inaombera m'manja. Nduna ya Zolonjeza inalonjeza kuti ichirikiza maganizowo. Atakambirana mpaka nthawi yolandira alawansi itakwana, anagwirizana kuti mkwati woyenera dziko lonse ndi Mfumu yomwe, ndipo izikwatira kumapeto kwa mwezi uliwonse, ochepa amene atsala pa ntchito akangolandira malipiro. Nkhope ya Mfumu inawala. Inayamba kufunsa ngati atsikana azisankhidwa m'zigawo mosinthanasinthana, kuti pasakhale kudandaula. Pamenepo kuseri kwa katani kunamveka kutsokomola kumodzi. Anali Mfumukazi. Bwalo linagwirizana mosachedwa kuti, pofuna kupereka chitsanzo chabwino kwa achinyamata, Mfumu izikwatira mkazi yemweyo mwezi ndi mwezi. Mfumukazi anavomera, malinga ngati diresi likhala latsopano ulendo uliwonse.

Lamulo linalengezedwa pa wailesi. Linati nzika iliyonse yotha kuyenda iyenera kupezeka pa ukwati wa Mfumu, iyenera kuvina gulu lake likaitanidwa, ndipo manja ake azioneka akuponya. Kumapeto kwake linati: perekani-perekani aliyense amene Mfumu yakhalapo ndi wa boma, ndipo zonse zogwa pansi kapena m'mbale zipite mosungira chuma cha ufumu.

Tsiku lomwelo apolisi anafika ku Pirirani kudzatenga Alufeyo. Anapita akunjenjemera, anabwerako akuyenda moyang'ana kumwamba. Tsopano anali Mkulu Woitana Magulu wa Ufumu Wonse. Anapatsidwa suti, imene mtengo wake ankaudula pa malipiro ake, ndi galimoto yopanda mafuta, imene apolisi anaikankha mpaka pakhomo. Abakha anaikonda kwambiri chifukwa pansi pake panali mthunzi wosakhomera msonkho.

Ukwati woyamba unachitikira pa bwalo la mpira, ndipo kunena zoona anthu anaponya ndithu. Ena anachita chidwi kuona Mfumu itagwira dzanja la mkazi wake, chinthu chimene ngakhale Mfumukazi anali atachiiwala. Alufeyo anayamba mwambo powerenga lamulo lija mokweza, mawu ake akumveka mbali zonse za bwalo, ndipo anamva kukoma kumene sanamvepo chibadwire. Anaitana aphunzitsi, anaitana anamwino, anaitana akabaza ndi amalonda. Makashiya a boma anatolera m'mabeseni a chidindo cha Mfumu mpaka mabeseniwo kudzaza.

Pa ukwati wachiwiri chidwi chinali chitatha. Amayi a pa Funsachabe ankafunsana ngati banja limeneli likumatha pakati pa mwezi, poti likumangidwa kawirikawiri chonchi. Mkulu wina wosoka nsapato anati iye anakwatira kamodzi ndipo mpaka lero sanachire, ndiye Mfumu iyenera kuti ndi munthu wolimba mtima. Anthu anayamba kupeza njira. Ena ankamangirira ulusi ku kandalama kamodzi, kuponya, n'kukakoka, kuponyanso, moti kandalamako kankavina kuposa mwini wake. Ena ankaponya ndi dzanja lamanja n'kutola ndi zala za kuphazi. Mabanja ena ankabwerekana kapepala kamodzi kong'ambika, kamene ngakhale makashiya ankachita nako manyazi kukatola.

Apa mpamene Alufeyo anadziwononga. Bwenzi atatseka diso limodzi, koma ulemu wa ntchito unamukwera kumutu. Iye anakulira ku Pirirani, ankadziwa mmene mmphawi amabisira ndalama. Analamula kuti anthu azivina manja ali m'mwamba. Anaika anyamata a malumo oti azidula ulusi. Anasiya kuitana magulu akale aja n'kuyamba ake atsopano: onse amene m'nyumba mwawo munamveka fungo la zokazinga sabata ino, onse amene ali ndi m'bale kunja kwa dziko, onse amene ndalama zawo zili m'sokosi yakumanzere. Akaitana chotero ankayang'ana kumene kwakhala eni nkhaniyo, ndipo apolisi ankatsatira maso ake.

Pa ukwati wina anaitana onse amene agulitsa mbuzi mwezi uno. Anaimirira munthu mmodzi yekha, Nasibeko, mayi wamasiye wogulitsa tomato, mnzake wa ponda apa m'pondepo wa Nankhoma. Mbuziyo anaigulitsa kuti alipirire mwana wake mayeso, ndipo Alufeyo anazimva m'nyumba mwake momwe, amayi awiriwo akucheza. Nasibeko anavina yekha kudutsa bwalo lonse, pang'onopang'ono, akuponya kandalama kamodzikamodzi. Sanayang'ane Mfumu kapena Mfumukazi. Maso ake anali pa Alufeyo mpaka nyimbo inatha.

Kodi ndalamazo zinkapita kuti? Funso limeneli linali loletsedwa, koma yankho lake linkadziwika. Gawo lina linkagula diresi, lina keke, lina linkalipira komiti yokonza ukwati ndi komiti yoyang'anira komiti yokonza ukwati. Zotsala zinkakonzera ukwati wotsatira, ndipo zikaperewera boma linkakongola ku ufumu woyandikana nawo. A Tolatola analengeza pa wailesi kuti chuma chatsegula diso limodzi. Pa msika anthu anati mwina chikufuna kuona ngati patsala kanthu koti chidye.

Ku Pirirani moni anayamba kusowa. Alufeyo akadutsa ndi suti yake, amuna a pa bawo ankaweramira m'maenje ngati mwagwera singano. Amayi a pa mjigo ankasiya nkhani pakati. Iye ankati ndi nsanje. Koma tsiku limene Nankhoma anaitanitsa msonkhano wa komiti ya ukwati wa Tiyanjane, mabenchi amene anabwereka kutchalitchi anakhala opanda munthu mpaka dzuwa kupendeka. Ngakhale Nasibeko, amene anayenera kutsogolera amayi ophika, sanabwere. Tiyanjane analowa m'nyumba kukalira, ndipo Nankhoma anakhala pa benchi lina moyang'anana ndi mwamuna wake.

"Bambo a Tiyanjane," anatero motsitsa mawu, "zaka zonsezi ndakhala ndikusungitsa kwa anthu. Inu mwapita kukatapa zonse n'kukapereka kwa munthu amene sadzabwera kudzasenda anyezi pakhomo pano. Mwana wanu adzagwira lichero lopanda kanthu, anthu akuonerera pa windo."

Alufeyo anaseka. Anati mkazi wake akuganiza ngati munthu wa ku Pirirani, pamene iwo tsopano ndi anthu a ku likulu la boma. Tindalama tonunkha utsi ta a Nasibeko n'tachiyani? Iye aitana Mfumu yeniyeniyo. Mfumu ikangoponya kamodzi, Ganizani adzagula njinga yamoto, nduna zikaponya adzamanga nyumba ya malata. Ndipo pofuna kuti zonse ziyende bwino, emusi akhala iye mwini, ngakhale ndi bambo wa mkwatibwi, poti m'dziko lonse munalibe wina woyenera kugwira chimkuzamawu pamaso pa Mfumu.

Nankhoma anamufunsa kuti mawu amene amawerenga mwezi uliwonse nyimbo isanayambe aja amati chiyani kumapeto kwake. Alufeyo anati amenewo ndi mawu otsegulira mwambo chabe, chofunika n'kuwatchula mokoma. Nankhoma anaimirira. Anamanga nsalu yake bwinobwino n'kupita kwa Nasibeko, ndipo masiku otsatirawo ankatuluka m'mawa n'kumalowa khomo ndi khomo. Mwamuna wake sanafunse, anali wotanganidwa kusankha khadi loyenera kupita ku nyumba yachifumu. Yankho linabwera msangamsanga, mosiyana ndi makalata onse a boma. A Tolatola analemba kuti Mfumu yakondwera kwambiri ndipo ibwera ndi nduna zake zonse.

Tsiku la ukwati holo ya sukulu ya ku Pirirani inadzaza mpaka m'mawindo. Alufeyo anadabwa kuona onse amene sankamupatsa moni aja atabwera, atavala zochapa, atakhala phee. Anaganiza kuti abwera kudzaona Mfumu, ndipo anakonza tayi wake monyadira. Nasibeko anali kuseri ndi amayi ophika. Tiyanjane anavala diresi lobwereka limene linamukhala bwino kuposa mwini wake, ndipo Ganizani, mu jekete ya amalume ake, ankatuluka thukuta mwaulemu.

Mdipiti wa galimoto unafika mochedwa, fumbi lake n'kukuta mpunga. Alendo olemekezekawo anayambira kudya, monga mwa mwambo wa boma, ndipo nkhuku zonse zimene amayi anasonkha zinathera pa tebulo lawo. Anthu a ku Pirirani anatsala ndi kabichi ndi fungo. Alufeyo sanadandaule, ankawerengera za njinga yamoto. Koma nthawi ya perekani-perekani itakwana, Tiyanjane ndi Ganizani ataima kutsogolo ndi lichero lawo latsopano, pakhomo panalowa makashiya a boma atanyamula mabeseni a chidindo. Mmodzi anachotsa lichero m'manja mwa Tiyanjane mwaulemu ndithu, n'kuliika pansi pa tebulo, n'kumugwiritsa beseni.

Alufeyo anathamangira kwa a Tolatola kukanong'ona kuti pachitika kusamvetsetsana, uwu ndi ukwati wa mwana wake.

"Mfumu yakhala apo kapena sinakhale?" anafunsa a Tolatola akutokosa m'mano. "Lamulo mumawerenga ndinu, a Kanjinga. Liwerengeni, muyambe ntchito. Anthu anuwa mumawadziwa bwino, lero tikufuna mabeseni adzaze."

Alufeyo anabwerera pakati pa holo. Anawerenga lamulo lija monga mwa nthawi zonse, koma ulendo uno mawu ake sanamukomere, ndiye anamva zimene akunena. Perekani-perekani aliyense amene Mfumu yakhalapo ndi wa boma. Anayang'ana anthu. Tsopano anamvetsa chifukwa chake akhala phee, manja atagwira matumba. Ndalama anabwera nazo, poti Nankhoma anawapempha khomo ndi khomo, ndipo iwo anabwera chifukwa cha anyezi amene mayiyo anasenda m'makomo mwawo. Koma iye akangoitana magulu awo, anayenera kuimirira, apolisi ali pakhomo, ndipo zonse zimene mkazi wake anasungitsa zaka zonsezi zikanalowa m'beseni la chidindo kukagula diresi lina la Mfumukazi. Akapanda kuwaitana, ntchito yatha, m'dziko limene ntchito inali yosowa kuposa shuga.

Anayang'ana a Tolatola, anayang'ana Tiyanjane amene anali atagwirabe beseni. Pomaliza anayang'ana Nankhoma. Ena amati tsikulo Alufeyo anasonyeza kulimba mtima. Amene tinamudziwa timati anangoyeza mantha awiri, n'kupeza kuti Mfumu amaonana nayo kamodzi pa mwezi, pamene Nankhoma amagona naye nyumba imodzi.

Alufeyo anakodola mnyamata wa zoimbira, nyimbo inayamba.

"Tiyambe ndi onse amene abwera pa galimoto," anatero.

Mu holo monse munalibe wa ku Pirirani wobwera pa galimoto. Nduna zinayang'anana. Mfumu inazitembenukira ndi nkhope yachidwi, ndipo zinaimirira. Kuvina kwake kunali komvetsa chisoni, poti anthuwa anazolowera kuviniridwa. Zinaponya ndithu, mapepala atsopano onunkhira banki, n'kubwerera m'mipando zikupuma mwawefuwefu. Zisanakhazikike, Alufeyo anaitana onse amene adya nkhuku lero. Zinaimiriranso. Kenako anaitana onse amene chaka chino anaboola lamba wawo chakunsonga, osati chamkati monga anachitira anthu ena onse m'dzikomo. Mfumu inaseka mpaka kupukuta misozi. Inali isanaonepo Nduna ya Zolonjeza ikupereka chinthu chooneka ndi maso, ndipo inalamula kuti nyimboyo ibwerezedwe.

Magulu a nduna atatha, Alufeyo anagwada n'kuitana mwini dziko kuti adalitse ana ake. Mfumu sinaimirire. Inapempha kuti aipatse ndalama imodzi ya m'beseni, inaikweza m'mwamba, n'kufunsa anthu kuti nkhope ili pamenepo ndi ya yani. Anthu anavomera kuti ndi yake.

"Ndiye mukufunanso chiyani?" inatero Mfumu mokoma mtima. "Aliyense amene waponya lero waponya ine. Palibe amene wagwa pansi kambirimbiri chifukwa cha ana awa kuposa ine."

Nduna ya Zoombera M'manja inagwira ntchito yake. Koma a Tolatola sanaseke. Anali ataona kuti m'mabeseni muli ndalama za nduna zokhazokha, mulibe kapepala ngakhale kamodzi konunkha utsi. Analamula Alufeyo kuti aitane amalonda, akabaza ndi ogulitsa mbuzi. Alufeyo anayankha, chimkuzamawu chili pakamwa, kuti magulu atha, nthawi yakwana yothokoza alendo. Pomwepo a Tolatola anamuchotsa ntchito pamaso pa anthu, n'kumuuza kuti Lolemba akankhe yekha galimoto ija kuibweza ku likulu. Alendo anatuluka, makashiya ali pambuyo ndi mabeseni. Panja nduna zinayamba kukanganirana mabeseniwo, iliyonse ikunena kuti inaponya zambiri kuposa inzake, ndipo mkanganowo unapitirira mpaka m'galimoto.

Fumbi litatha, mu holo munali zii. Alufeyo anaima pakati, akudikira kuti mwina wina aombe m'manja. Palibe anaomba. M'malo mwake Nasibeko anatulukira kuchokera kophikira, akupukuta manja pa nsalu. Anatola lichero pansi pa tebulo, analipukuta, n'kulibwezera m'manja mwa Tiyanjane. Kenako anatambasula dzanja kwa Alufeyo. Panapita kanthawi Alufeyo asanazindikire kuti mayiyo sakupereka moni, akufuna chimkuzamawu.

"Tayamba ukwati tsopano," anatero Nasibeko. "Abwere kutsogolo onse amene anagwirapo ntchito ku nyumba yachifumu."

Alufeyo anacheuka kuona ngati pali wina. Panalibe. Nyimbo inayamba, ndipo apa mpamene anthu anatulukira chinthu chimene sankachidziwa: munthu amene anavinitsa dziko lonse sankatha kuvina. Zaka zonsezo ankaima pambali n'kumalamula, sanaponyepo kandalama pa ukwati wa munthu. Miyendo inkapita kwina, mapewa kwina, ngati munthu wopewa matope. Anafika pa lichero, anatulutsa ndalama imodzi m'thumba la jekete, n'kuponya. Atati abwerere, Nasibeko anaitana onse amene anavalapo suti ya boma. Alufeyo anatembenuka n'kuponyanso. Nasibeko anaitana onse amene pakhomo pawo pali galimoto. Anaitana onse amene amadziwa fungo la m'nyumba za anzawo. Anaitana, mosakweza mawu, onse amene amadziwa yemwe wagulitsa mbuzi. Pa gulu limeneli Alufeyo anaponya zonse zimene zinatsala m'jekete, osayang'ana munthu kumaso, ndipo manyazi amene anamugwira anali enieni.

Anthu anayamba kuseka, poyamba mobisa, kenako momasuka. Tiyanjane ankaseka misozi ili m'masaya, lichero likugwedezeka m'manja. Alufeyo anatembenuza matumba onse kusonyeza kuti zatha, koma Nasibeko anali wophunzira wabwino, maukwati onse a Mfumu aja ankamvetsera.

"Onse amene ndalama zawo zili m'sokosi yakumanzere."

Alufeyo anakhala pansi pa simenti, anavula nsapato, n'kutulutsa malipiro ake omaliza, amene ngakhale Nankhoma sankadziwa kuti alipo. Nankhoma anangogwedeza mutu, kusonyeza kuti nkhani imeneyo ikakambidwa kunyumba. Ndalamazo zinalowa m'lichero, jekete inatsatira, tayi naye anatsatira. Mkulu Woitana Magulu wa Ufumu Wonse anatsala chiimire m'masokosi, ina ili yobooka pa chala chachikulu, thukuta lili kamukamu.

Nasibeko anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku chala chotulukacho, ndipo anaoneka kuti wakhutira. Anakodola mnyamata wa zoimbira kuti akweze nyimbo.

"Tsopano abwere onse amene alibe ntchito."

Holo yonse inaimirira nthawi imodzi, mabenchi n'kugwa. Anabwera amene anachotsedwa kufakitale ya sopo, anabwera aphunzitsi odikira kulembedwa, anabwera anyamata a madigiri ogulitsa mazira owiritsa, anabwera amayi a pa mjigo ndi amuna a pa bawo. Nthungululu zinalira. Tindalama tinayamba kuuluka, takutha, topindapinda, tofunda chifukwa cha kumene tinabisidwa, tina tikadali ndi ulusi umene eni ake anaudula okha ndi mano. Lichero linadzaza, Ganizani anavula jekete ya amalume ake n'kuitchera. Nankhoma ankavina patsogolo pa onse, maso atatseka, ngati munthu amene wafika kwawo.

Alufeyo anatola nsapato zake n'kuyamba kusuntha chammbali, kumene emusi amaima, kuti apereke malo kwa eni gule. Sanapite patali. Mawu a Nasibeko anamupeza kuchokera m'chimkuzamawu, holo yonse ikumva.

"Mukupita kuti, a Kanjinga? Gulu lanu ndi limeneli."